Khonsolo iyambe yalemba osesa, galimoto za apolisi agule a boma

Akonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhulepo pa za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre. Ine ndine mphunzitsi wamkulu wopuma, ndipo ndikulemba ngati mmodzi wa anthu amene amapereka msonkho.

Nthawi yokonza bajeti ikayandikira, ndimamva anthu a ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri akunena kuti khonsolo igulire apolisi galimoto poti akuba akusautsa usiku. Dandaulo limeneli ndi lomveka ndithu. Koma abale anga, tidziwe khomo loyenera kugogoda. Apolisi a dziko lino sali pansi pa khonsolo. Malinga ndi malamulo aakulu a dziko a 1994, mkulu wa apolisi amasankhidwa ndi Pulezidenti n'kuvomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo. Malipiro awo, galimoto ndi mafuta zimachokera m'bajeti ya boma imene aphungu amakambirana ku Lilongwe. Tsono nkhani ya galimoto za apolisi tiziitula kwa phungu wathu, osati kwa khansala.

Khonsolo ili ndi katundu wakewake amene lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidaisenzetsa: kuchotsa zinyalala, kusamala misika ndi zimbudzi zake, kukonza ngalande ndi misewu ya m'malokeshoni, kuika magetsi a m'misewu ndiponso kuzimitsa moto. Ntchito zonsezi zimalira anthu. Galimoto yotaya zinyalala ku Mzedi singayende popanda dalaivala, makaniko ndi anyamata okweza zinyalalazo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzindamu muli anthu oposa 800,000. Kodi anthu onsewa angasamalidwe ndi osesa owerengeka, opanda magolovesi ndi majombo?

Tisaiwale zimene tidaona. Kolera amene adayamba mu 2022 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 boma lidachedwetsa kutsegula sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe. Ife amene tidagwirapo choko timadziwa kuti sabata imene mwana waitaya siibwerera. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe Freddy adagwetsa nyumba ndi kupha anthu ku Chilobwe ndi madera ena. Namondwe palibe angamuletse, koma ngalande yotsekedwa ndi mapepala apulasitiki ndi ntchito ya manja a munthu. Yendani m'mbali mwa mitsinje ya Mudi ndi Nasolo muone nokha. Kupewa kumaposa kuchiza.

Ena adzati chitetezo ndicho choyamba. Inde, koma khonsolo ili nayo njira yake yothandizira apolisi popanda kuwagulira galimoto. Msewu wowala usiku umathawitsa mbava. Msewu wokonzedwa bwino umalola galimoto ya apolisi, ambulansi ndi ozimitsa moto kufika pakhomo msanga. Nanga galimoto yatsopano idzapindulanji ngati njira yolowera ku Zingwangwa kapena ku Chilomoni yakumbika ndi madzi?

Chimodzimodzi ndi ndalama zothamangitsira mavenda. Mu 2006 boma lidachotsa mavenda m'misewu pa ntchito imene idatchedwa Operation Dongosolo, koma patapita zaka ambiri adabwereranso. Kuthamangitsana kumatha mafuta. Ndalama zimenezo zitalowa pokonza misika kuti mukhale madzi, zimbudzi zaukhondo ndi alonda, wogulitsa sangakonde kukhala padzuwa m'mbali mwa msewu.

Inu a kumudzi musaganize kuti nkhaniyi ndi ya a m'tauni okha. Mukabwera ndi tomato, mbatata kapena nkhuku ku msika wa Limbe kaya wa Ndirande, mumadula chiphaso. Ndalama imeneyo ndi yanu. Ana anu amene akuchita lendi m'malokeshoni akadwala, amabwera kudzagonera pamphasa panu.

Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, ndipo tidalibe womufunsa. Lero alipo. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Tsono bajeti isanavomerezedwe, khansala aliyense aitanitse msonkhano m'dera lake, atiuze poyera: msonkho wa nyumba ndi wa m'misika watoleredwa ungati, osesa ndi ozimitsa moto alipo angati, galimoto zotaya zinyalala zimene zikuyenda n'zingati, ndipo za maulendo ndi maalawansi a akuluakulu zatenga zingati.

Ndikupempha abusa, ansembe, mashehe ndi mafumu kuti misonkhano yotere aziilengeza monga amalengezera za chitukuko cha mpingo ndi cha mudzi, ndipo iwo eni azikakhala kutsogolo. Mutu umodzi susenza denga. Kwa a Meya ndi makhansala ndikuti: lembani antchito okwanira, alipireni pa nthawi yake, apatseni zipangizo. Za galimoto za apolisi tikafunsa aphungu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Machinjiri, Blantyre.