Mwana Wathu Alembedwe ku Parishi ndi ku Boma Komwe

Amayi anzanga a m'bungwe la amayi a Chikatolika, pa nkhani ya ubatizo sitichedwa. Mwana akangotuluka m'chikuta timathamangira kwa akatekisi kuti dzina lake lilowe m'kaundula wa parishi. Izi n'zabwino, koma kadi ya ubatizo ndi ya mu mpingo. Boma lili ndi kaundula wake, ndipo mwana amene sanalowemo amavutika kupereka umboni wa zaka zake ndi wa makolo ake pamaso pa malamulo.

Lamulo la kalembera, National Registration Act, lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2010 ndipo lidayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2015. Likulamula kuti kubadwa ndi imfa ya munthu aliyense zilembedwe ku bungwe la National Registration Bureau, ndipo mwana alembetsedwe pasanathe masabata 6. Mukachirira ku chipatala, kaya ku Zomba Central, ku Matawale kapena ku Pirimiti, pemphani kuti fomu ya NR8 idzazidwe musanatuluke. Mwana akabadwira kunyumba kapena panjira, nkhani imadzera kwa amfumu mpaka ku ofesi ya DC.

Ife azamba timaona phindu la pepalali m'chipinda chochirira. Timalandira atsikana omwe chiuno chawo sichinakhwime, mwana n'kukakamira, ena n'kutsala ndi fistula, mkodzo osadukiza. Lamulo la maukwati la 2015 lidati ukwati uyambire pa zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu adakonza malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale makolo asalolezenso ukwati wa mwana. Koma nkhani ikafika ku polisi, funso loyamba ndi zaka za mtsikanayo. Ofuna ukwati amangoti wakula. Popanda chikalata chobadwira, mlandu umafooka, mwana n'kubwerera kwa mwamuna uja.

Za imfa ndi ukwati n'chimodzimodzi. Bambo akatisiya, mayi wamasiye akapita kukafunsa za penshoni, ndalama za kubanki kapena chuma chomwe chili m'manja mwa Administrator General, amamufunsa chikalata cha imfa ndi umboni wa ukwati. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuti kulanda katundu wa mayi ndi ana amasiye ndi mlandu. Komabe mayi wopanda mapepala amayenda maulendo ambirimbiri, achibale adyera akugawana mbuzi ndi malata.

Ena mumati zikalata zimachedwa kutuluka, ndipo ulendo wa ku boma umadya ndalama ya minibasi. Dandaulo limeneli n'lomveka, ndipo ndi udindo wa boma kufikitsa zikalata ku zipatala za kumidzi. Koma kulembetsa lero n'kosavuta kuyerekeza ndi kudzafunafuna mboni patapita zaka 16, mwana akufuna chiphaso cha unzika, agogo odziwa tsiku lobadwa atapita kale.

Ntchitoyi ikutiyenera ifeyo, chifukwa m'miphakati ndife oyamba kufika pa chikuta ndi pa maliro. Pokaona khanda, titatula sopo ndi ufa, tifunse ngati lalembetsedwa. Pa siwa, tikumbutse achibale kuti imfa ilembedwe maliro asanaiwalike. Inu amene mudadalitsa ukwati, funsani Bambo Mfumu ngati chikalata muli nachocho chikudziwika ku boma, ndipo chisungeni pouma, kutali ndi chiswe. Musaope kufunsa, amayi: mbewa ya manyazi idafera kuuna.