Poyamikira waluso, samalani ndi timawu "a" ndi "the"

Lero tikambe za kayankhulidwe. Pa zikondwerero monga Lake of Stars, chomwe chinayamba mu 2004, pamabwera oimba ndi ojambula akunja osamva Chichewa. Inu ndi akunyumba mwakondwa nalo luso lawo, mwanayo naye akufuna kuyamikira. Munena kuti chiyani?

Vuto ndi loti Chichewa chathu chilibe timawu "a", "an" ndi "the". Ndiye ena timangotisiya, ena timatimwaza paliponse ngati mchere.

Choyamba, ponena chomwe munthu ali, "a" asasowe. Nenani "I am a big fan of your work", osati "I am big fan". Ngati liwu lotsatira likuyamba ndi kamvekedwe ka lembo la liwu monga a, e kapena o, ikani "an": "You are an amazing artist."

Chachiwiri, liwu loti "work" likamatanthauza ntchito yonse ya munthuyo silifuna "a". Ingoti "I love your work", basi. Ndipo pamene pali "your", "the" alibepo malo. Chithunzi chimodzi kapena chosema chimodzi mungati "a beautiful piece".

Chachitatu, "the" ndi wa chinthu chimene nonse awiri mukuchidziwa kapena mukuchiona: "I love the colours in this painting." Koma ponena za luso lonse, ndi "I love art" chabe.

Msampha waukulu ndi "too". Ife timayesa akutanthauza "kwambiri", pomwe kwa eni chinenero ndi "mopyola muyeso". Mukati "Your song is too long" kapena "It is too colourful", mwadandaula, simunayamikire ayi. Mwini wake amwetulira, koma mumtima zamuwawa. Nenani "I really like it" kapena "It is very colourful."

Makolo, mwana akaphonya musamuseke pagulu. Mawa adzangotseka pakamwa. Mukonzereni kunyumba mofatsa, muyeserere limodzi. Inunso bambo, mayi akalakwitsa musawadule mawu pamaso pa alendo.

Pomaliza, tchulani chenicheni chimene chakukhudzani, kaya ndi mitundu, kaya ndi kaimbidwe ka gitala. Waluso amadziwira pomwepo kuti munaonadi ntchito yake.

Tikumane Lamulungu likudzali.