Kompyuta Ikakana Kudzuka, Tisathamangire Kufomata

Mphunzitsi aliyense amene adzapatsidwe udindo wosamala kompyuta ya pasukulu adzalipeza tsiku ili. Dzulo makinawo anali kulandira update ya Windows, magetsi nkuzima ntchito ili pakati. Lero m'maŵa ayaka ndithu, koma safika potsegula kanthu. Angozima ndi kuyambanso kosalekeza. M'katimo muli malikisi a teremu yonse pamodzi ndi mayeso osasindikiza.

Chimene timachiona kaŵirikaŵiri nchakuti kompyutayo imanyamulidwa kupita kwa wokonza, iye nkungoti, "Tiifomate." Ife tikuti kutero nkutentha nkhokwe chifukwa makwerero athyoka. Update ikalephera, chimene chimaonongeka nthaŵi zambiri ndi mafayilo amene makina amadzukira. Zolemba zathu zimakhala zili pomwepo, zosakhudzidwa.

Umboni wake ulipo. Pa 19 Julaye 2024, kampani ya ku America yotchedwa CrowdStrike, yopanga mapulogalamu oteteza makompyuta, inatumiza update yolakwika. Microsoft inati makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anakana kudzuka. Ndege zinalephera kunyamuka, ntchito m'mabanki ndi m'zipatala inasokonezeka. Nanga mankhwala ake anali otani? Kuloŵa mu Safe Mode, m'mene Windows imadzuka ndi zofunika zokhazokha, kuchotsa fayilo ya dzina loyamba ndi C-00000291, kenaka kuyatsanso. Fayilo imodzi basi.

Tsono mphunzitsi ayambe ndi njira zosaononga kanthu. Windows 10 kapena 11 ikalephera kudzuka kaŵiri motsatizana imatsegula yokha malo okonzera. Ikapanda kutero, tiizimitse pogwira batani loyatsira pamene chizindikiro cha Windows chaoneka, ndipo tibwereze mpaka malowo atatseguka. Pansi pa Troubleshoot ndi Advanced options tidzapeza Startup Repair, imene imayesa kukonza yokha. Uninstall Updates, imene imabweza update yomwe yadzetsa vutoyo. Ndiponso System Restore, imene imabwezera makina m'mene analili tsiku lina lapitalo popanda kukhudza zolemba zathu. Zonsezi zikakanika, kufomata kudikirebe. Fulashi yokhala ndi Ubuntu ikhoza kudzutsa kompyuta popanda kuikamo kanthu, ndipo tingakopere mafayilo onse pa fulashi ina tisanayambe kufufuta.

Pali msampha umodzi. Ngati disiki inatsekedwa ndi BitLocker, makina adzafuna kiyi ya manambala 48. Mu 2024 muja ambiri anachedwera pomwepa, chifukwa kiyiyo anaisunga m'makompyuta amene anali atagwa. Yathu tiilembe m'kope, likhale mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu.

Koma chimene tikufuna kutsindika kwa inu amene mukukonzekera uphunzitsi ndi ichi: ntchitoyi ichitikire pamaso pa ana. Ambirife timaopa kuchita manyazi, motero timakonzera kuseri chitseko chili chotseka, ana nkumaganiza kuti kompyuta imachira mwa matsenga. Chonsecho pamenepa pali phunziro la sayansi lathunthu. Mwana mmodzi alembe pa bolodi mawu amene aoneka pa sikirini. Wina afotokoze chimene chinachitika makina asanadwale. Kalasi ipereke maganizo, tiyese njira imodzi pa nthaŵi, ndi kulemba chimene chatuluka tisanayese ina.

Ena adzati nthaŵi ya phunziro ndi yochepa, ndipo mwina makinawo sadzuka belu lisanalire. Nzoona. Palinso matenda amene mphunzitsi sangaŵathe: disiki ikayamba kulira mogogoda, tizimitse pomwepo ndi kuitana waluso, pakuti kuyatsayatsa kumangoonjezera chilonda. Koma ngakhale zitatero, ana adzakhala ataona mphunzitsi wawo akufufuza chifukwa asanagamule, ndipo mawu amene alembedwa pa bolodi aja ndi amene tidzampatse wokonzayo, pamodzi ndi pempho lakuti ayambe wapulumutsa malikisi.