Kamboni Kakang'ono ka m'Paipi ya Utsi

Mwezi uno tisiye kaye nkhani za kusukulu ndi za kumunda, tiloŵe kunsi kwa galimoto. Ena adzadabwa kuti nkhani ya ekizozi ikufunanji m'magazini ya Mpingo. Yankho lake lili pa siteji ya Mwanza. Magalimoto ang'onoang'ono ogulidwa ku Japan atagwirapo kale ntchito, monga Sienta ndi Probox, amene anyamula anthu ndi madengu a manachesi pa msewu wa M6 kunka ku Zalewa ndi ku Blantyre, ena mwa iwo ndi chuma cha mabanja athu omwe. Pena ndi mwana wa ku Joni amene anatumiza ndalama, pena ndi bambo amene anathirapo penshoni yawo yonse, ndipo woyendetsa ndi mnyamata wa m'kwaya yathu. Galimoto yotere ikafa, fizi ya ana nayonso ifa.

Paipi ya utsi siikhalitsa m'misewu ya kumidzi kuno kwa Kanduku. Igunda miyala, idyeka ndi dzimbiri, ndipo tsiku lina galimoto iyamba kubangula ngati thirakitala. Pamenepo mwini wake apita kwa wowotcherera kuti amuikire paipi ina, kaŵirikaŵiri yopinda pomwepo kapena yochotsa ku galimoto yakufa. Palibe cholakwa pamenepa. Pa Peugeot 404 kapena Land Rover ya makedzana, imene amisiri athu achikulire anaphunzirirapo ntchito, paipi inali paipi basi: kudula, kuwotcherera, ntchito yatha. Koma galimoto za masiku ano zili ndi kachipangizo kotalika ngati chala, komangidwa ndi mazinga m'paipimo pafupi ndi injini monga imangidwira pulagi, ndipo kali ndi mawaya ake. Amisiri akatcha sensa ya okosijeni. Kameneka ndiko kamene kaonongeka kapena kutayidwa pa tsiku losintha paipi.

Ntchito yake ndi ya umboni. Injini ya petulo iyaka moyenera pamene makilogalamu 14.7 a mpweya asakanizidwa ndi kilogalamu imodzi ya petulo. Kompyuta ya galimoto ndiyo ithira petuloyo, koma siiona zimene zichitika m'kati mwa moto. Tsono sensa ilaŵa utsi umene ukutuluka, niyesa okosijeni amene watsalamo. Akatsala wambiri, iuza kompyuta kuti petulo wachepa. Akatsala wochepa, iuza kuti petulo wachuluka. Ndipo kompyuta ikonza muyeso wake nthaŵi yomweyo, osaleka ulendo wonse. Kampani ya Bosch ya ku Germany ndiyo inakonza kachipangizoka, ndipo Volvo ya ku Sweden inayamba kukaika m'galimoto zake mu 1976. Petulo wakale wothira mtovu ankakapha msanga, koma petulo ameneyo analeka kugulitsidwa m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara pofika mu 2006. Choncho chifukwa chimene akale anali nacho chonyozera kachipangizoka chinatha kalekale.

Mboni imeneyi ikachotsedwa, injini siima ayi, ndipo apa mpamene ambiri anyengekera. Galimoto ilira, iyenda, mwini wake nalipira mmisiri mokondwa. Koma kompyuta tsopano ithira petulo mongoganizira, ndipo kuganizira kwake kupendekera ku mbali ya petulo wambiri. Mapulagi ada ndi mwaye, utsi ununkha, petulo wosapsa atsikira mu oyilo namsungunula, ndipo thanki imene inkafika ku Blantyre ndi kubwerako iyamba kupereŵera. Ife amene tinaona mizere ya magalimoto pa malo omwetsera mafuta mu 2022 ndi mu 2024 sitifunika wina atiuze kuŵaŵa kwa lita imodzi yotayika. Choipa kwambiri nchakuti m'banja mubuka mkangano, makolo naganiza kuti mnyamata akubisa ndalama za tsiku, pamene wakubayo ali kunsi kwa galimoto.

Tsono ndilankhule ndi inu anyamata amene mukuphunzira umakaniko, pakuti ntchito yake siyovuta, ifuna kudekha kokha. Musanagwire sipanala, yambani mwasolola pulagi ya mawaya a sensayo. Mukaizunguza mawaya ali chilumikizire, apotana nadukira m'kati mosaoneka. Musawadule ndi cholinga choti mudzalumikize pambuyo pake. Pa sensa ya mawaya anayi, aŵiri ndi a kachotenthetsera kamene kali m'kati mwake, chifukwa sensa siiyamba kunena zoona isanatenthe kupitirira madigiri 300. Sipanala yake kaŵirikaŵiri ndi ya 22, ndipo pali soketi yong'ambika m'mbali yopangira ntchito yomweyi, kuti waya adutse. Ikakanirira ndi dzimbiri, thirani mafuta omasulira mabawuti, mudikire. Imasuka bwino paipi ikali yofunda, koma osati yotentha yoti nkukupsereza dzanja. Nyundo ilibe malo pa ntchito imeneyi, popeza m'kati mwa sensa muli dothi loumba lotha kusweka ngati kapu.

Magalimoto ambiri ali ndi sensa ziŵiri, ina kutsogolo ndi ina kumbuyo. Ikani chizindikiro pa iliyonse kuti ibwerere pamalo pake. Paipi yatsopano iyenera kukhala ndi chiboo cha mazinga pamalo pomwe panali chakale, chakumwamba kapena cham'mbali mwa paipi, osati kunsi kumene madzi a m'utsi adikha m'maŵa. Wotchererani sensa ili kunja, batire ili chichotsere. Pobwezera, pakani pang'ono girizi yosapsa pa mazinga okha, nsonga yake ikhale yoyera, ndipo muyambe kumanga ndi zala kuti mazinga asadyane; sipanala ibwere komaliza, mosakakamiza. Waya amangidwe patali ndi paipi yotentha. Pali chinthu china chimene ngakhale amisiri abwino aiŵala. Pakatsala kaboo kakang'ono pa cholumikizira cha kutsogolo kwa sensa, mpweya wa kunja uloŵerapo, sensa niona okosijeni wambiri, niuza kompyuta kuti iwonjezere petulo. Sensayo ili bwinobwino, koma yauzidwa bodza, ndipo ena aitaya nagula ina pamene chofunika chinali kutseka kaboo.

Pakati pa sensa ziŵirizo pali chibokosi chimene Azungu achitcha catalytic converter. M'kati mwake muli chinthu chonga chisa cha njuchi, chopakidwa tizitsulo ta mtengo wapatali totchedwa platinum, palladium ndi rhodium. Utsi ukadutsa m'chisamo, poizoni wake wambiri asanduka mpweya wosaopsa kwenikweni, ndipo sensa ya kumbuyo ndiyo iyang'anira ngati chisacho chikugwira ntchito. Platinum wochuluka wa dziko lapansi akumbidwa ku South Africa, ku madera onga a Rustenburg. Nkodabwitsa kuganiza za ulendo wa kachitsulo kameneka: kuchoka pansi pa nthaka kumeneko, kunka ku fakitale ya kutali, kubwera kuno kunsi kwa Sienta, kenaka kugulidwa ndi munthu woyendayenda m'magalaja pa mtengo umene iye yekha adziŵa phindu lake. Pakuti alipo ogula zisa zimenezi, ndipo tsiku losintha paipi ndilo tsiku lawo. Mwini galimoto auzidwa kuti chisa chatseka ndipo chikulemetsa injini. Nthaŵi zina nzoona. Chisa chitha kutseka kapena kusungunuka, makamaka injini ikakhala ikuthira petulo wambiri kapena ikudya oyilo, ndipo zikatero matendawo ayenera kuchizidwa kumene ayambira. Koma chisa chabwino sichichotsedwa chifukwa choti paipi ya kumbuyo yabooka. Makolo, imani pomwepo pamene ntchito ikuchitika, ndipo chilichonse chimene chachotsedwa chibwerere m'manja mwanu.

Musayese kuti utsi ndi nkhani ya ku maiko ozizira okha. Poizoni wina amene chisa chichepetsa ndi carbon monoxide, yemwe uja apha banja logona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka m'mwezi wa June. Alibe fungo, alibe mtundu. Paipi ikadontha kunsi kwa mipando, kapena ikathera pakati pa galimoto osafika kumbuyo, mpweya umenewu uloŵa m'kati. Mwana wokhala kumbuyo ayamba kumva mutu ndi kusinza, amayi ake nayesa kuti ndi kutopa kwa ulendo. Woyendetsa nayenso asinza, ali pa chiwongolero.

Sensa ikadulidwa kapena chisa chikachotsedwa, pa dashibodi payaka kanyale kachikasu kooneka ngati injini. Apa mpamene nkhaniyi ikhudza chikumbumtima. Kuchotsa babu ya kanyaleko, kapena kukamata ndi tepi yakuda kuti mwini wake kapena wogula asaone, ena akutcha kuchenjera. Ine monga mkulu wa mpingo sindiona kusiyana kwake ndi muyeso wonyenga umene buku la Miyambo liudzudzula pa mutu 11, kapena ndi umboni wonama umene Lamulo lachisanu ndi chinayi liletsa. Ndidziŵa kuti wophunzira ntchito alibe mawu pamaso pa bwana wake, ndipo sindikuti mnyamata ayambane ndi amene akumphunzitsa. Koma tsiku lidzafika lakuti galaja idzakhala yakeyake, ndipo m'dera laling'ono ngati la Mwanza, kumene eni magalimoto onse adziŵana, mbiri ya dzanja lake idzamtsogolera. Kanyaleko kali ndi njira yake yoŵerengera: pali kamakina kolumikiza kunsi kwa chiwongolero kamene kanena chimene chavuta, ndipo magalaja ambiri a ku Blantyre ali nako.

Kwa inu amene mukuganiza zogula galimoto, kapena mukukatenga yanu ku galaja, pali kuyesa kumene sikufuna sipanala. Tembenuzani kiyi kuti nyale za pa dashibodi ziyake, injini isanalire. Kanyale ka injini kayenera kuyaka pamodzi ndi tinzake. Kenaka lizani injini, kayenera kuzima. Kakakhala chiyakire, pali chovuta choti chifufuzidwe musanapereke ndalama. Kakapanda kuyaka ndi poyamba pomwe, funsani kumene babu yake inapita.