Mlendo asanaone nyanja amayamba waona wapolisi

Mwezi wa October ukafika, dzuwa n'kuyamba kuswa mtengo, msewu wa ku Mangochi umadzaza. Ena amathamangira ku Monkey Bay kukakwera sitima ya Ilala. Ena amakhotera ku Chembe, komwe alendo amakutcha Cape Maclear, kukaona nsomba za mbuna zimene zinathandiza kuti UNESCO iike Lake Malawi National Park m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Koma onsewa asanaone madzi, amayamba aima kaye pa lodibuloko.

Masiku apitawa minibasi yathu inaima pa lodibuloko ina panjirayi. Patsogolo pathu panali galimoto ya hayala, m'katimo muli achinyamata awiri achizungu. Laisensi anaonetsa, inshuwalansi ndi COF zinali m'malo mwake. Wapolisi anaizungulira galimotoyo, cholakwa osachipeza. Kenaka anaweramira pawindo, akumwetulira, n'kuwauza m'Chingelezi kuti lero kwatentha ndipo iye sanamwe kanthu chifikireni m'mawa. Anawo anayang'anana, mmodzi n'kupisa m'thumba. Lisiti silinaoneke.

Mwina inali ndalama ya botolo limodzi la chakumwa. Komabe zinandiwawa, ndipo ndikudziwa kuti inunso zikanakuwawani. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Timamusamala chifukwa mawa achoka, ndipo kumene akupitako akanena zimene anaona. Masiku ano sadikiranso kufika kwawo, amalemba pa Facebook ndi Tripadvisor usiku womwewo.

Mu February 2024 boma linachotsa viza kwa anthu ochokera m'mayiko 79, pofuna kuti alendo achuluke, atibweretsere ndalama zakunja zimene timazisowa pogula mafuta, feteleza ndi mankhwala. Ndiye munthu mmodzi woima pamsewu azigwetsa ntchito yonseyo chifukwa cha ya madzi? Mlendo akakhumudwa n'kusankha Zanzibar kapena Victoria Falls chaka chamawa, malipiro a wapolisi sasintha. Amene amagona ndi njala ndi mnyamata wa boti amene amatenga anthu kupita ku chilumba cha Thumbi kukaona nkhwazi ikuwakha nsomba, wosema ziboliboli, ndi mayi wochapa zofunda kumalo ogona alendo.

Koma chimene chimandipweteka koposa ndi chimene chinachitika azungu aja atadutsa. Kumwetulira kuja kunathera pomwepo. "Tsikani nonse!" Moni panalibe. M'minibasimo munali amayi a kwaya, atavala zitenje zofanana, akupita kunyanja kukasangalala pa Tsiku la Anakubala. Zikwama zawo zinatsegulidwa pafumbi, anthu akuona. Kodi mayi wochokera ku Dedza kapena ku Mzimba akapita ku Mangochi si mlendo? Chipinda amalipira, chambo amagula, boti amakwera. Pa 15 October, Tsiku la Anakubala, pa Khirisimasi ndi pa Isitala, amene amadzaza magombe athu ndi Amalawi, ndi makwacha awo. Mzungu amapemphedwa mwaulemu, mwinidziko amakalipiridwa. Onse awiri sakulandiridwa bwino.

Apolisi timawafuna, zimenezo n'zosachita kufunsa. Alipo ambiri amene amalondolera mlendo wosochera, kupeza foni yobedwa, ngakhale kukankha nawo galimoto yotitimira mumchenga. Amaima padzuwa tsiku lonse ndipo malipiro ndi ochepa. Koma njala yawo aipititse kwa amene anawalemba ntchito, osati kwa munthu wodutsa pamsewu.

Akuluakulu a polisi, chonde, wapolisi aliyense pa lodibuloko azioneka dzina kapena nambala yake pachifuwa. Paikidwenso chikwangwani cha Chichewa ndi Chingelezi, chokhala ndi nambala ya foni yokadandaulirako, ndipo foniyo iziyankhidwa. Inunso owerenga, mukalakwa pamsewu lipirani chindapusa ndipo itanitsani lisiti la boma. Ngati simunalakwe, musapereke kanthu.