Basale ya zaluso imupeze mnyamata wa ku ubusa

Mpaka chaka cha 2021, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lomwe tonse timangoti CDF, linkapereka K1.6 miliyoni pachaka ku dera lililonse. Mu 2022 ndalamayo inakwera kufika pa K25.7 miliyoni, mu 2024 inali K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 inafika pa K36.1 miliyoni. Malamulo a 2022 anati akachotsa kagawo koyendetsera ntchito, limodzi mwa magawo asanu a ndalama zotsalazo lipite ku basale: kulipirira ana a ku sekondale zogonera komweko ndiponso achinyamata ofuna kuphunzira ntchito zamanja. M'chaka choyambacho zinali pafupifupi K5 miliyoni pa dera limodzi. Maboma athu atatu a Katete, Sinda ndi Vubwi anavotera aphungu asanu pa chisankho cha 2021, a Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi, choncho aliyense angadziwerengere yekha kuti kwathu kuno kunabwera zingati.

Ife tikuyamikira. Pali mabanja amene kale ankagulitsa mbuzi zonse za m'khola kuti mwana akaphunzire zomangamanga ku Chipata Trades, lero mwanayo akupita mbuzi zili m'khola momwemo. Koma kuyamika sikutitseka pakamwa. Funso lathu ndi lakuti: ndalamazi zikumupeza ndani?

Tiyeni titsate njira imene wachinyamata amayenda kuti alandire basaleyi. Akhale ndi zaka zapakati pa 16 ndi 35. Akhale ndi reji yobiriwira. Akhale atalandira kale kalata yomuvomera ku sukulu yovomerezedwa ndi TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira maphunziro a zaluso. Kenako alembe fomu, yomwe ili m'Chingerezi, aipereke ku komiti ya chitukuko ya m'wadi, komitiyo iitumize ku komiti ya CDF, iye azidikira. Palibe sitepe yoipa pamenepa. Ndalama za boma sizingagawidwe popanda mapepala. Koma taonani amene njirayi ikumukomera: ndi mwana amene anamaliza Giredi 12, amakhala pafupi ndi msewu wa Great East, ali ndi foni yoonera zilengezo za khonsolo, ndipo ali ndi amalume ku Chipata amene angamukatengere kalata yomuvomera. Mwana ameneyu ndi wathu, ndipo apite akaphunzire. Koma si yekhayu amene thumbali linatsegulidwira.

Aliyense wokulira ku Katete kapena ku Sinda akudziwa za ubusa. Mnyamata wa zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi amaperekedwa kwa mwini ng'ombe. Amadzuka mame asanaume, kutsegula khola, kulowa m'dambo ndi mkwapulo ndi legeni, kubwerera dzuwa litapendeka. Nthawi ya dzinja ndiye ntchito imakula, chifukwa ng'ombe ikangolowa m'munda wa eni, mlandu umagwera iye. Akatha zaka zitatu kapena zinayi amapatsidwa ng'ombe imodzi. Anzake amene anayamba nawo Giredi 1 amakhala ali kutali, ndipo iye, wamtali kale ndi mawu osintha, amachita manyazi kukakhala pa benchi limodzi ndi tiana. Mafumu athu akhala akudzudzula mchitidwewu, ndipo kuyambira Januwale 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka kumaliza sekondale. Komabe m'madambo mudakali anyamata.

Nkosavuta kunena kuti makolo otere ndi osazindikira. Ife sitikuvomereza zimenezo. Bambo amene amapereka mwana ku ubusa wawerengetsera. Akudziwa tsiku limene pangano lidzathe, ndipo akudziwa chimene chidzalowe pakhomo: thadzi limene lidzabereka, kapena nkhunzi imene idzakoke pulawo ndi ngolo. Akuona ana a anzake amene anafika Giredi 12 akukhala pa golosale tsiku lonse kudikira ganyu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ngati tikufuna kuti bambo ameneyu asankhe maphunziro a zaluso, ndiye kuti maphunzirowo nawonso azithera pa chinthu chogwirika. Kosi imene imatha ndi chipepala chokha, mwana nkubwerera kumudzi wopanda sowo, wopanda hamala, wopanda ngakhale sipanala imodzi, singapikisane ndi ng'ombe.

Apa ndi pamene makhonsolo athu ali ndi mpata umene sakuugwiritsa ntchito mokwanira. Thumba lomwelo la CDF lili ndi gawo lina, lomwe malamulo a 2022 analiyika lofanana kukula ndi la basale, lothandiza achinyamata ndi amayi ndi ndalama za mpamba komanso ngongole. Magawo awiriwa amayenda ngati sadziwana. Wophunzira ukalipentala amalipiriridwa ndi gawo limodzi, kenako mpamba wa gawo linalo umapita ku kalabu ina imene inalembetsedwa dzulodzulo ndi anthu amene sanagwirepo pulena. Tikupempha makomiti a CDF kuti asanavomere mndandanda wa opita ku sukulu, aziyamba adziwa kuti akamaliza adzagwira chiyani. Omaliza kosi imodzi athandizidwe kulembetsa gulu lawo asanachoke ku sukulu, ndipo pempho lawo la zida likhale patsogolo pa mzere.

Ntchito yoti agwire ilipo, ndipo yambiri ikulipiridwa ndi thumba lomweli. Boma litalamula kuti mwana asakhalenso pansi m'kalasi, madesiki zikwizikwi anagulidwa. Zipinda zophunzirira, nyumba za aphunzitsi, zipatala zing'onozing'ono ndi zimbudzi zikumangidwa m'mawadi onse. Kontrakitala aliyense wopatsidwa ntchito yotere ayenera kutenga ophunzira a m'dera lomwelo, ndipo zimenezi zilembedwe m'pangano, osati kungonenedwa pa msonkhano. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinaphunzitsa alimi ambiri kuthirira madimba ndi mapampu a sola. Pampu yotere ikafa ku Kapoche, mwini wake amayenera kuinyamula kupita nayo kutauni kapena kuiika pakona. Mijigo yowonongeka ili m'midzi yambiri. Njinga zamoto zadzaza misewu ya kumidzi ndipo zonse zimafuna makanika. Magalimoto akuluakulu opita ku Tete kudzera pa Chanida amadutsa pa Katete usana ndi usiku. Ku Vubwi anyamata akukumba golide ndi mapiki ndi mafosholo m'maenje opanda mizati, popanda amene anawaphunzitsa kutchinga dothi kuti lisawagwere. Posankha makosi, makomiti aziyang'ana zimenezi, asamangotumiza ana makumimakumi ku kosi imodzi chifukwa choti ndiyo yaifupi ndi yotchipa.

Za atsikana tinena mwachidule, chifukwa nkhani yake ndi yodziwika. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti kuno ku Eastern Province pafupifupi atsikana anayi mwa khumi aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Lamulo lolola mtsikana kubwerera ku sukulu akabereka lilipo kuyambira 1997, ndipo kumapeto kwa 2023 Nyumba ya Malamulo inaletsa ukwati uliwonse wa mwana wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo. Koma mtsikana amene walanditsidwa ku ukwati ali ndi khanda kumsana sangapite miyezi isanu ndi umodzi ku Chipata. Amusiyira ndani mwanayo? Ndipo tisamangomuganizira za usoki ndi kuphika basi. Mtsikana akhoza kulumikiza mawaya a sola ndi kuwotcherera mafelemu a mawindo ngati wina aliyense.

Izi zikutifikitsa pa nkhani ya mtunda. Sukulu zazikulu za boma za ntchito zamanja m'chigawo chino ndi Chipata Trades, pafupifupi makilomita 90 kuchokera pa Katete, ndi Ukwimi Trades, kuseri kwa Petauke, pamalo amene kale panali msasa wa othawa nkhondo a ku Mozambique. Pa Katete pali koleji ya zamalonda a ulimi ndiponso sukulu ya anamwino ya pa chipatala cha St Francis, koma zimenezi zimafuna wa Giredi 12 wokhoza bwino. Sinda ndi Vubwi ndi maboma aang'ono pa zaka: anakhazikitsidwa mu 2012 m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, Sinda kuchokera ku mbali za Katete ndi Petauke, Vubwi kuchokera ku Chadiza. Zambiri zimene maboma akale anazipeza pang'onopang'ono, awiriwa akuzimanga tsopano. Wa ku Vubwi amene anayendapo msewu wopita ku Chipata nthawi ya mvula safuna kumufotokozera kuti mtunda si makilomita okha.

Mayiko ena anakumana ndi vuto lofanana. Ku Australia, eni nthaka a dzikolo, a mtundu wa Aboriginal, ambiri amakhala kutali kwambiri ndi matauni ndipo kwa zaka zochuluka sukulu za boma zinkawasiya kunja. Mu 1969 boma linayambitsa thandizo la ophunzira amenewa, lomwe lero limatchedwa ABSTUDY, ndipo silimalipira fizi yokha: limathandizanso pa ulendo, malo ogona ndi chakudya. Ku Batchelor Institute, kumwera kwa mzinda wa Darwin, ophunzira ambiri amabwera kwa sabata imodzi kapena ziwiri, nkubwerera kwawo kukapitiriza ali pakati pa abale awo, ndipo aphunzitsi amawatsatiranso kumidzi. Mbiri ya anthu amenewo si yathu. Mchewa kapena Mnsenga wa ku Nyanje sanalandidwe dziko m'njira imene iwo analandidwira. Chimene tikutolapo ndi chimodzi: oyendetsa maphunziro kumeneko anazindikira kuti wophunzira wa kutali amagwa pa zinthu zing'onozing'ono, thiransipoti, sopo, chinenero, maliro a kwawo, ndipo anakonza maphunziro motsata moyo wake.

Ifenso tingathe. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala, zokolola zitalowa m'nkhokwe, achinyamata a kumidzi amakhala ndi nthawi. Sukulu za sekondale monga Chassa ku Sinda ndi zina zimene zili ndi zipinda za ntchito zamanja zimatsekedwa pa holide. Palibe chimene chingaletse khonsolo kugwirizana ndi sukulu yovomerezedwa ndi TEVETA kuti aphunzitsi ake abwere ndi zida, aphunzitse pa wadi kwa masabata angapo, abwererenso. Kubweretsa mphunzitsi mmodzi kwa ophunzira makumi atatu nkotchipa kuposa kutumiza ophunzira makumi atatu kwa mphunzitsi mmodzi. Ndipo aphunzitse m'Chinyanja. Kuyeza ngodya ya khoma ndi levulo sikufuna Chingerezi. Mnyamata amene wamanga goli ndi kukonza gudumu la ngolo kuyambira ali wamng'ono ali ndi manja ophunzira kale. Chimene akusowa ndi kuwerenga tepi ndi kulemba mtengo wa ntchito yake, ndipo zimenezo zingaphunzitsidwe madzulo a masiku omwewo.

Tisaiwalenso amisiri amene ali kale pakati pathu. Pa msika wa Katete Stores, pa Sinda, ndi pa malo aliwonse amene pali magetsi, mupeza wowotcherera ali ndi anyamata awiri kapena atatu. Woyamba amangogwira chitsulo ndi kupenta, chaka chikatha amayamba kudula, kenako tsiku lina abwana amamusiyira geti lonse kuti alimalize yekha. Sukulu yeniyeni ya zaluso ya anthu ambiri kwathu kuno ndi imeneyi, ndipo kawirikawiri silandira ngwee ya boma. TEVETA ili ndi mayeso a treditesiti, a magawo atatu, komanso njira yovomerezera luso limene munthu analiphunzira pa ntchito osalowa m'kalasi. Ochepa kumidzi anamvapo za njirayi. Kulipirira anthu otere mayeso ndi ulendo ndi ndalama yochepa kwambiri, koma satifiketiyo ndi imene imawatsegulira khomo la matenda a khonsolo. Olemba anthu ntchito akhala akupereka 0.5 peresenti ya malipiro ku thumba la maphunziro a zaluso kuyambira 2017. Si kupempha mopitirira kunena kuti kagawo ka ndalama imeneyo kafike kwa mmisiri wa pansi pa mtengo wa mango amene akuphunzitsa ana a eni ake kwaulere.

Kwa mafumu athu, kuyambira kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika mpaka kwa a Mbang'ombe, a Kawaza, a Kathumba, a Nyanje ndi a Pembamoyo, pempho lathu ndi laulemu. Anyakwawa anu akudziwa khomo lililonse limene lili ndi mnyamata ku ubusa ndi mtsikana amene anasiyira panjira. Komiti ya m'wadi ilibe mndandanda umenewo, inu muli nawo. Pa Kulamba, kumapeto kwa Ogasiti, mafumu amapereka malipoti a madera awo kwa Kalonga. Zingakhale bwino lipotilo litamanenanso kuti achinyamata angati a m'dera la mfumu iliyonse alowa maphunziro a zaluso ndipo angati amaliza.

Kwa makhonsolo atatuwa pempho lathu ndi la mapepala, poti ndiwo amawadziwa. Fomu ya basale imasuliridwe m'Chinyanja ndipo ilengezedwe pa wailesi za m'dera ndi m'matchalitchi mwezi wathunthu nthawi isanatseke. Ogwira ntchito yopereka mareji apite m'mawadi nthawi yolembetsa isanakwane. Malo ena pa mndandanda asungidwire amene sanafike Giredi 9. Ndipo pakutha pa chaka, pa bolodi la khonsolo ndi pa sukulu ya pulaimale ya wadi iliyonse pamatidwe pepala losonyeza mayina a amene analipiriridwa, mudzi wawo, kosi yawo, ndalama imene inapita ku sukuluyo, ndiponso ngati anamaliza kapena anasiyira panjira. A Kansala amene wadi yawo ilibe dzina la mwana wa kumudzi ngakhale limodzi pa pepalalo adzafotokozere anthu awo chifukwa chake pa msonkhano wotsatira.