Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Adzukulu anga ndi inu nonse okonda chikhalidwe chathu,

Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ukaigogoda imabwerera m'chigoba mwake, koma ukakhala phee pambali pake imatulutsa yokha tinyanga take. Mwambi umenewu ndinauphunzitsa kwa zaka zambiri, koma amene anandimasulira tanthauzo lake ndi mwana wa Sitandade 3.

M'chaka cha 1994, maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana anakhamukira kusukulu mpaka ena tinkawaphunzitsira pansi pa mtengo. Pakati pawo panali mnyamata wina wokonda kukhala kumbuyo. Ukamuitana sankayankha, ukamufunsa funso ankangomwetulira. Tinamutcha wamwano, ndipo ine ndemwe ndinamukwapulapo kawiri. Tsiku lina agogo ake anabwera ku ofesi nati, "Aphunzitsi, mwanayu chidwalireni malungo aakulu, khutu lakumanja linatseka. Kunyumba timamuyankhula tikumuyang'ana kumaso." Ndinasowa poyang'ana. Ndinali nditalanga mwana chifukwa cha matenda ake.

Tinamusamutsira kutsogolo, khutu lomvalo likuloza kwa mphunzitsi. Tinaleka kuyankhula titapenya kubolodi, kuti aziona milomo yathu. Malangizo onse tinkawalemba, ndipo tinamupatsa mnzake womubwerezera zomwe zamudutsa. Sitinagule kanthu, koma mwana uja anafika Sitandade 8 n'kukhoza mayeso.

N'chifukwa chake ndimati chipangizo choyamba chothandizira mwana wovutika pophunzira ndi diso lodekha la mphunzitsi. Mwana wachialubino nthawi zambiri amakhala ndi maso ofooka: akhale pafupi ndi bolodi, kopanda kuwala kothobwa m'maso, ndipo zilembo zikhale zikuluzikulu. Wochedwa kugwira masamu apatsidwe timiyala, njere za chimanga kapena zitsekerero za mabotolo kuti nambala azizigwira ndi manja. Wosokoneza b ndi d azilemba ndi chala pamchenga uku akutchula liwu la chilembocho. Wosachedwa kutopa apatsidwe ntchito pang'onopang'ono, ndipo ayamikiridwe akamaliza gawo lililonse.

Sindikunena kuti kudekha kokha n'kokwanira. Mwana wosaona amafunika zilembo za Braille, zomwe Louis Braille wa ku France, amene anasiya kuona ali wamng'ono, anakonza mu 1824 ali ndi zaka 15. Chilembo chilichonse chimapangidwa kuchokera pa timadontho 6 totukuka, towerengedwa ndi nsonga za zala. Wosamva amafunika chinenero chamanja. Aphunzitsi a luso limeneli amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ndipo tili ndi sukulu monga ya osaona ya Chilanga ku Kasungu ndi ya osamva ya ku Mua ku Dedza. Koma mwana angafike bwanji kumeneko ngati palibe amene wazindikira vuto lake?

Apa ndiye mwambo wathu uyenera kudzifunsa. M'midzi ina mwana wolumala amabisidwa m'nyumba, achibale n'kumanong'onezana za ufiti. Chonsecho makolo omwewo anatisiyira mawu akuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ngati mayi sanyozeka chifukwa cha mwendo, mwana anyozekerenji chifukwa cha khutu kapena diso?

Aphunzitsi ena adzati kalasi ya ana oposa 100 siipereka mpata woyang'ana mmodzimmodzi. Akunena zoona, ndipo boma liyenera kuwonjezera aphunzitsi ndi zipangizo. Komabe kusamutsa mwana mmodzi kuchoka kumbuyo kupita kutsogolo sikudikira ndalama za boma.

Tsono adzukulu anga, mukaona mnzanu akutsalira m'kalasi musathamangire kumutcha mbuli. Khalani naye pafupi, funsani kwawo, kenako kauzeni aphunzitsi. Ine ndinafunsa mochedwa, ndodo itagwa kale pamsana pa mwana wosalakwa.

Ndine agogo anu.